Mudzi Wopanda Mfumu: Mmene Makompyuta a Bitcoin Anaphunzirira Kusankha Anansi

M'chaka cha 1999, mnyamata wina wa ku America, Shawn Fanning, anayambitsa Napster, njira imene anthu ankagaŵanirana nyimbo pa intaneti. Nyimbozo zinkachoka pa kompyuta ya munthu kupita pa ya mnzake, koma mndandanda wosonyeza kumene nyimbo iliyonse ili unkasungidwa pamalo amodzi, ku likulu la kampaniyo. Eni nyimbo atakasuma, khoti linagwira likululo pakhosi, ndipo mu 2001 Napster inatsekedwa.

Munthu wodzibisa ndi dzina lakuti Satoshi Nakamoto anatolapo phunziro. Pa 31 October 2008 iye anafalitsa kalata ya masamba asanu ndi anayi yofotokoza ndalama za Bitcoin, zopanda banki ndi zopanda likulu. Mmalo mwa banki, kompyuta iliyonse yoloŵa mumgwirizanowu, imene akatswiri amaitcha node, inayenera kusunga kaundula wa malipiro onse. Tsamba latsopano limalumikizidwa kumbuyo kwa linzake pafupifupi mphindi khumi zilizonse, monga mphete za unyolo, ndipo n'chifukwa chake kaundulayu amatchedwa blockchain. Tsamba loyamba ndi la pa 3 January 2009, ndipo pa 12 January Hal Finney wa ku California analandira ndalama khumi kuchokera kwa Nakamoto.

Pamenepa panabuka funso limene omvera a kumudzi angalimvetse msanga. Mlendo akafika pamudzi amapita kaye kwa mfumu kuti amsonyeze anthu. Nanga pamudzi wopanda mfumu, kompyuta yatsopano idzaŵapeza bwanji anzake?

Yankho loyamba la Nakamoto linali bwalo la macheza la pa intaneti lotchedwa IRC. Kompyuta inkaloŵa pabwalopo ndi dzina lokhala ndi keyala yake mkati, niŵerenga maina a ena, niyamba kuŵagogodera. Koma bwalolo linali ndi eni ake, amene akanatha kulitseka tsiku lililonse, ndipo pamenepo vuto la Napster likanabwereranso. Chotero mu 2011 anakhazikitsa makompyuta oŵerengeka, osamalidwa ndi anthu odzipereka osiyanasiyana, amene ntchito yawo ndi kupatsa mlendo makeyala oyambira. Njira ya IRC inachotsedwa kotheratu mu 2013. Mlendo akangopeza mnansi mmodzi, amamfunsa makeyala a ena, nayamba kulemba buku lakelake, kotero kuti maŵa sasoŵanso womtsogolera.

Kulankhulana kwake kuli ndi mwambo. Makompyuta aŵiri akakumana, woyamba amanena mtundu wa pulogalamu yake ndi pamene kaundula wake wafika, winayo nachita chimodzimodzi, ndipo onse amavomerezana asanapitirize. Wina akamva za malipiro atsopano sathamangira kutula nkhani yonse. Amangotchula chizindikiro chake chachifupi, ndipo mnansi amene sanaimve ndiye amaipempha. Wolandirayo amaifufuza yekha ngati ikutsata malamulo asanaipereke kwa ena. Kwa zaka zambiri kompyuta yotumiza zabodza inkalembedwa milandu, ndipo chiŵerengero cha milanduyo chikakwana 100 anansi ankaitsekera pakhomo kwa maola 24.

Pa chiŵerengero cha anansi panalinso nzeru. Kompyuta inkadzisankhira yokha anansi asanu ndi atatu, ochokera m'zigawo zosiyana za intaneti kuti asakhale a nyumba imodzi, pamene onse pamodzi, kuphatikizapo ogogoda okha, sankaposa 125. Asanu ndi atatuwo ndiwo anali odalirika koposa, popeza wogogoda yekha angathe kukhala kazitape.

Chiyeso chachikulu chinadza mu 2015. Akatswiri anayi, Ethan Heilman, Alison Kendler, Aviv Zohar ndi Sharon Goldberg, a ku Boston University ndi Hebrew University ya ku Jerusalem, anasonyeza chiwembu chimene chimatchedwa kadamsana. Mdani wokhala ndi makeyala ochuluka ankadzaza buku la kompyuta ndi makeyala ake ndi ena achabechabe, kufikira maina a anansi enieni atafufutika. Kenaka ankangodikira kuti kompyutayo izimitsidwe ndi kuyatsidwanso. Posankha anansi asanu ndi atatu, onse ankapezeka kuti ndi a mdaniyo, ndipo kompyutayo inkakhala mumdima monga dziko pamene mwezi waphimba dzuŵa. Wamalonda wozingidwa chotere akanatha kuona kuti walipidwa, natulutsa katundu, chikhalirecho m'kaundula weniweni ndalamazo zapita kwina.

Okonza pulogalamu ya Bitcoin Core anatseka mipatayi pang'onopang'ono. Mu 2016 kompyuta inayamba kuyesa makeyala atsopano mwa kugogoda kwa kanthaŵi kochepa, kuti idziŵe ngati kuli munthu. Pambuyo pake anakonzanso kuti dzina la mnansi wakale lisafufutidwe asanayesedwe ngati akadali moyo. Mu 2019 anawonjezera anansi aŵiri amene amangobweretsa masamba a kaundula, osanena za malipiro kapena makeyala, ndipo chifukwa cha kusalankhula kwawo mdani amavutika kuŵazindikira. Mu 2021 kompyuta inayamba kukumbukira aŵiriŵa pozimitsidwa, kuti ikadzuka iyambe yafika kwa iwo. Kumapeto kwa 2023 kunabwera njira yobisira mauthenga kuti oima panjira asaŵaŵerenge, ndipo mu 2024 njirayi inakhala ya nthaŵi zonse.

Kompyuta ya Bitcoin ingathe kutsimikiza yokha ngati tsamba limene yalandira lili loona, pakuti masamu sasinthidwa ndi mdani. Chimene singathe ndicho kudziŵa nkhani imene sinauzidwe. Ndiye chifukwa chake ntchito ya zaka zonsezi yagona pa mfundo imodzi: pakati pa anansi onse, pasasoŵe mmodzi wonena zoona, chifukwa ameneyo yekha akabweretsa kaundula weniweni, bodza la enawo limaululika. Akuluakulu anati kuyenda aŵiri si mantha. Amisiri a Bitcoin anachita kuphunzira movutikira kuti woyenda naye amafunika kumsankha, kumuyesa ndi kumkumbukira.