Wotsatira, wochemerera ndi nganga

Wotsatira ndi munthu woponda m'mapazi mwa wina, ndipo mawuwa achokera ku "kutsata". Mpingo uli ndi otsatira, chipani nachonso, ngakhale tsamba la pa Facebook. Wochemerera amadziwika ndi kukhosi. Mukafika pa Kamuzu Stadium tsiku limene Maule akumana ndi Manoma, mnyamata wodzipaka utoto wofiira kumaso, mawu atasasa, ndi ameneyo. Ambirife timangoti sapota.

Koma mawu ondigwira mtima ndi "nganga". Nganga siyithawa timu ikagonja katatu motsatizana. Imabwerera kwawo wapansi, ikukangana njira yonse, Loweruka linalo n'kudzaimanso pamzere wa matikiti dzuwa likuswa mtengo. Wongobwera timu ikamapambana musamutche nganga, dzinali silake.