Khadi Yakale, Khadi Yatsopano ndi Mayuniti a Magetsi

Mwana wanga wachisamba akuphunzira kulemba mapulani a nyumba pa kompyuta. Tsiku lina madzulo, ndikuvula nsapato pakhonde nditangoweruka kuntchito, anabwera nati, "Ababa, khadi ya zithunzi ya m'kompyuta yathu ija yakalamba. Ndikamatembenuza nyumba pa sikirini, chithunzi chimayenda modukizadukiza." Anatchula khadi imene ankaifuna, RTX 4090, ndipo nditamva mtengo wake ndinangoti kakasi. Koma sindinafune kumukaniza mwaumbuli. Ndinaganiza zoyamba ndafufuza kumene makhadiwa achokera ndi chimene chimasiyanitsa akale ndi atsopano.

Khadi ya zithunzi, imene amalonda amaitchula kuti graphics card, ndi kachipangizo kamene kamakonza zonse zooneka pa sikirini. Purosesa ya kompyuta ili ngati kalaliki mmodzi wanzeru amene amagwira ntchito zovuta imodziimodzi. Khadi ili ngati anthu a dima m'munda: aliyense amalima mzere wake, koma onse nthawi imodzi. Poti chithunzi ndi timadontho tambirimbiri, ntchitoyi imafuna manja ochuluka. Paja mutu umodzi susenza denga.

Mu 1981 kampani ya IBM ya ku America inatulutsa khadi yotchedwa CGA. Inali ndi memory ya 16 KB ndipo pojambula inkaonetsa mitundu inayi yokha nthawi imodzi. Pofika 1987 kunabwera VGA, yoonetsa mitundu 256. Kusintha kwakukulu kunachitika mu 1996, pamene kampani ya 3dfx ya ku California inatulutsa Voodoo Graphics ya memory ya 4 MB. Khadiyi inkangodziwa zithunzi zooneka ngati zenizeni, zokhala ndi kutsogolo ndi kumbuyo, zija amati 3D, moti munthu ankafunika khadi ina ya zolembalemba n'kuzilumikiza ziwirizo ndi chingwe. Ngakhale zinali choncho, osewera magemu anaikonda kwambiri.

Ulemerero wa 3dfx sunakhalitse. Kumapeto kwa 1998 inaganiza zogula kampani ya STB kuti izidzipangira yokha makhadi, m'malo mogulitsa machipu kwa ena monga kale. Amene ankagula kwa iyo anatembenukira kwa Nvidia, imene inayamba mu 1993. Mu 1999 Nvidia inatulutsa GeForce 256, khadi imene inalanda purosesa ntchito yowerengera maonekedwe a zinthu ndi kuwala. Mu Disembala 2000, 3dfx inavomera kugulitsa chuma chake kwa Nvidia, ndipo dzina limene linali pakamwa pa aliyense linazimirira. Mpikisano unatsala pakati pa Nvidia ndi ATI ya ku Canada, mwini wa makhadi a Radeon, imene AMD inaigula mu 2006.

Chaka chomwecho cha 2006 kunatuluka GeForce 8800 GTX, ya memory ya 768 MB ndi tiantchito 128 m'kati mwake. Kuyambira pamenepo zinakhala zosavuta kutuma khadi masamu ena osakhudza zithunzi. Mu 2012 Alex Krizhevsky, Ilya Sutskever ndi Geoffrey Hinton a pa yunivesite ya Toronto anagwiritsa ntchito makhadi awiri a GTX 580 pophunzitsa kompyuta kuzindikira zinthu za pazithunzi, ndipo anapambana mpikisano wa ImageNet. Chipangizo cha osewera magemu chinasanduka khasu la akatswiri a nzeru zopangidwa ndi anthu, zija akuti AI.

Nditadziwa zimenezi ndinakhala pansi ndi mwana uja n'kuyerekeza makhadi awiri. Yathu ndi GTX 750 Ti, ya mu 2014, imene ndinaigula yogwiritsidwa kale ntchito. Ili ndi tiantchito 640 ndi memory ya 2 GB, ndipo itangotuluka inkagulidwa madola 149. RTX 4090 ndi ya mu 2022: tiantchito 16,384, memory ya 24 GB, mtengo woyambira madola 1,599. Memory imeneyi imaposa ya Voodoo ija maulendo oposa 6,000. Papepala, masamu amene 4090 imachita pa sekondi imodzi amaposa a khadi yathu pafupifupi maulendo 60. Apa mwana anamwetulira poganiza kuti mlandu wauwina.

Ndiye ndinamuonetsa nambala ina imene achinyamata sakonda kuyang'ana. Khadi yathu imadya mawati 60 ndipo siifuna chingwe chapadera cha magetsi. RTX 4090 imadya mawati 450, ofanana ndi mababu 45 a mawati 10 oyaka nthawi imodzi. Ikagwira ntchito mwamphamvu kwa maola awiri, yatha pafupifupi yuniti imodzi pa mita. RTX 5090 ya mu 2025 imafika mawati 575. Kunena chilungamo, makhadi atsopano sawononga: pa yuniti iliyonse amagwira ntchito yambiri kuposa akale. Koma kwathu kuno magetsi akathima timadalira batire ndi inveta, ndipo inveta yathu yaing'ono singanyamule katundu wotere. Kugula khadi yoteroyo kukanatanthauza kugulanso pawa sapulayi, purosesa yoti izithamanga nayo, bokosi lalikulu ndi inveta ina.

Nanenso ndinali ndi polakwa panga. Ndinkaganiza kuti malinga khadi ikuyaka, ndiye kuti ilibe vuto. Koma memory ya 2 GB imadzaza msanga pulani ya nyumba ikakhala ndi zipinda, mipando ndi mitengo, ndipo ndicho chinkachititsa kudukiza kuja. Komanso mu 2025 Nvidia inalengeza kuti ikusiya kukonzera makhadi a m'badwo umenewu madiraiva atsopano a magemu. Khadi imakalamba ngakhale isanafe, chifukwa mapulogalamu amaisiya m'mbuyo.

Tinagwirizana zokumana pakati. Tinapeza RTX 3060 ya mu 2021, yogwiritsidwa kale ntchito, ya memory ya 12 GB, yodya mawati 170. Tisanalipire tinapempha wogulitsa kuti aiyatse pamaso pathu ndi pulani imene inkavuta ija, ndipo nyumba inatembenuka bwinobwino. Tinasinthanso pawa sapulayi, koma inveta inakhala yomweyo, ndipo fizi ya mlongo wake sinakhudzidwe.

Owerenga anzanga, mbiri ya makhadiwa yandiphunzitsa kuti wothamanga wa lero ndi nkhalamba ya mawa, monga zinaichitikira Voodoo. Mwana akadzakutchulirani dzina la khadi, musafunse liwiro lokha. Funsani ntchito imene akufuna kugwira, memory imene ntchitoyo ikufuna, ndi mawati amene nyumba yanu ingathe kupereka. GTX 750 Ti ija sitinaitaye. Ili m'kompyuta ina, imene mlongo wake akuphunzirirapo kutaipa.