Nkhunzi Yobereketsa M'dera la Chikangawa ndi Kumwera kwa Mzimba: Mbiri Yake

M'mayiko amene kavalo ndi chiweto chofala, munakhazikika kalekale ntchito yosunga kavalo wamphongo wa mtundu wabwino kuti eni akavalo aakazi azimubwereka molipira, ndipo ku England ntchitoyi inafika poikidwa m'kaundula pamene James Weatherby anayamba kusindikiza buku la mibadwo ya akavalo lotchedwa General Stud Book m'chaka cha 1791. Mwambo wotere sunazike mizu ku Mzimba, chifukwa akavalo sakhalitsa kumene kuli kashembe, ntchentche yofalitsa kaodzera, komanso kumene kuli tizilombo touluka tofalitsa matenda a African horse sickness. Komabe funso la yemwe asunge chiweto champhongo chobereketsa, ndi momwe anzake angapindulire nacho, lakhalapo m'derali kuyambira kale, ndipo lakhala likuzungulira pa nkhunzi, ng'ombe yamphongo yosathena.

Angoni a Zwangendaba anawoloka mtsinje wa Zambezi mu Novembala 1835, ndipo mbiri yapakamwa imati ng'ombe zawo zambiri zinatsalira kapena kumira pa kuwolokako. Motero ziweto zimene ana ake anabwera nazo m'chigwa cha Henga cha m'ma 1855, iye atamwalira kale ku Ufipa m'dziko la Tanzania, zinali zolandidwa kwa mitundu ya anthu imene anadutsamo, ndipo zambiri zinali ng'ombe za nyanga zazifupi ndi linunda pamsana. Pamene Inkosi M'mbelwa, mmodzi wa anawo, anasunthira anthu ake kumwera, m'chigwa cha Kasitu ndi kufupi ndi phiri la Hora, ng'ombezi zinasakanikirana ndi zomwe zinalipo kale, ndipo mbadwa zake ndi zimene lero akatswiri amazitcha Malawi Zebu, pamene zibale zake za kum'mawa kwa Zambia zimadziwika ndi dzina lakuti Angoni. Ndi ng'ombe zazing'ono thupi, za mkaka wochepa, koma zopirira chilimwe, msipu wouma ndi nkhupakupa kuposa ng'ombe zochokera kunja.

M'mudzi wa Chingoni khola linkamangidwa pakati, nyumba n'kulizungulira, ndipo pakhomo pake ndi pamene amuna ankaweruzira milandu. Nkhunzi ya m'khola lalikulu sinali katundu wogulitsa kapena wobwereketsa ndi mtengo, popeza ng'ombe za mudzi wonse zinkadyera pamodzi kubusa, ndipo nkhunzi ya mfumu kapena ya mkulu wa banja inkakwera ng'ombe zazikazi za wina aliyense popanda wowerengera. Mabanja ena ankapatula ng'ombe imodzi kukhala ya mzimu wa kholo lawo, ndipo yotereyi sinkaphedwa kapena kugulitsidwa mwachisawawa. Magazi atsopano ankalowa m'khola kudzera m'njira zitatu: nkhondo, malowolo, ndi kusungitsa ng'ombe kwa abale kapena anthu a mfumu okhala kutali, amene ankamwa mkaka ndi kusamalira ziwetozo m'malo mwa mwini wake. Njira zimenezi zinkasuntha ng'ombe kuchoka mudzi wina kupita wina, ndipo mwa kutero zinkateteza ziweto ku vuto lokwerana pachibale, lomwe limachepetsa msinkhu ndi mphamvu ya mathole.

Dongosololi linagwedezeka kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Mliri wa ng'ombe wotchedwa rinderpest, umene unasesa kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, unafika kumpoto kwa Malawi cha m'ma 1892 ndi 1893 n'kupululutsa ziweto zochuluka. Posakhalitsa kunabwera amalonda achizungu ofuna ng'ombe zokagulitsa kumwera kwa Zambezi, ndipo mmodzi wa iwo, Ziehl, anazengedwa mlandu ku Ekwendeni mu 1899 chifukwa cholanda ng'ombe za anthu mwankhanza, mlandu umene amishoni a Livingstonia anaulimbikira. Mu 1904 mafumu a Chingoni anagwirizana ndi Alfred Sharpe, mkulu wa boma la atsamunda, kuti dziko lawo lilowe mu ulamuliro wa Britain. Nkhondo zitatha, njira imodzi yobweretsera nkhunzi zachilendo inatsekeka, ndipo msonkho utayamba, amuna ambiri a ku Mzimba anapita kukagwira ntchito ku Southern Rhodesia ndi ku migodi ya ku South Africa, kusiya makola m'manja mwa okalamba, amayi ndi anyamata oweta.

Kusintha kumene kunakhudza kwambiri mtundu wa ng'ombe sikunali mliri koma goli. Pulawo ndi ngolo zitafala m'zaka za m'ma 1900, Mzimba inakhala limodzi mwa maboma otsogola pa ulimi wa ng'ombe zapagoli, ndipo mlimi aliyense anayamba kufuna mfule, ng'ombe yamphongo yothena, yamphamvu ndi yofatsa. Popeza posankha ng'ombe yoti ithenedwe diso limagwera pa thole lalikulu, la chifuwa chotambasuka ndi miyendo yolimba, amphongo abwino koposa ndi amene ankachotsedwa pa ntchito yobereketsa, ndipo otsala onyentchera ndi amene ankakwera zazikazi kubusa. Chimodzimodzinso, mlimi akafuna ndalama ya fizi kapena ya feteleza, amagulitsa ng'ombe yonenepa chifukwa ndiyo ili ndi mtengo. Akatswiri a ziweto amati uku ndi kusankha kobwerera m'mbuyo, chifukwa m'badwo uliwonse umabadwa kwa tate wochepera mphamvu kuposa amene akanatha kukhalapo.

Boma la atsamunda, ndipo pambuyo pake boma la Malawi, linayesa kuthetsa vutoli potenga udindo wosankha nkhunzi. Malo a kafukufuku a Mbawa, kufupi ndi Embangweni, anasunga gulu la ng'ombe za Malawi Zebu zimene zinkayezedwa kakulidwe ndi kaberekedwe kake, monganso zinkachitikira ku Chitedze m'boma la Lilongwe, ndipo mafamu a boma monga Dwambazi ndi Choma anapatsidwa ntchito yochulukitsa ziweto zoti zifike kwa alimi. Alangizi a ziweto ankalimbikitsa kuthena amphongo osafunika ndi chipangizo cha Burdizzo, chimene chimaphwanya mitsempha popanda kucheka khungu, kuti nkhunzi yosankhidwa yokha ndiyo ibereketse. Dibi, dziwe la mankhwala ophera nkhupakupa, linakhala malo okumaniranapo alimi ndi alangizi, ndipo linali lofunika kwambiri kwa nkhunzi za magazi akunja monga Friesian ndi Brahman, popeza matenda a East Coast fever amapha msanga ng'ombe zosazolowera dziko lino. Apa ndi pamene nkhunzi inayamba kuoneka ngati chithandizo chochokera kunja kwa mudzi, chokhala ndi mwini wake, malamulo ake, ndipo nthawi zina mtengo wake.

Chikangawa yeniyeni ili ndi mbali yakeyake m'mbiriyi. Mapiri a Viphya, kumene kuli Chikangawa, ozizira ndi a udzu wambiri, anadzalidwa mitengo ya paini kuyambira cha m'ma 1950, ndipo ntchitoyi inakula kwambiri ufulu utabwera mu 1964, mpaka nkhalango inafika mahekitala pafupifupi 53,000, ndipo cholinga chake chinali kudyetsa fakitale ya zopangira mapepala imene inkayembekezeka ku Chintheche koma sinamangidwe. Malo amene akanakhala busa anasanduka nkhalango yotetezedwa, motero ng'ombe zinatsalira m'midzi ya m'mphepete mwake ndi m'zigwa za kumadzulo, cha ku Mzimba boma, Embangweni ndi Edingeni. Ngakhale zinali choncho, nkhalangoyo inafunanso mphamvu ya ng'ombe, popeza ng'ombe zapagoli zagwiritsidwa ntchito kukoka zipika m'nkhalango za boma m'Malawi, ndipo zimenezi zikuonetsanso kuti phindu looneka msanga la thole lamphongo linali pa goli osati pa kubereketsa.

Njira yatsopano inabwera ndi ulimi wa mkaka. Fakitale ya mkaka itatsegulidwa ku Mzuzu m'zaka za m'ma 1970, alimi ang'onoang'ono anayamba kuweta ng'ombe imodzi kapena ziwiri za mtundu wosakaniza Friesian ndi Zebu, zodyetsera m'khola, ndipo kwa mlimi wotere kusunga nkhunzi chaka chonse n'kuwononga chakudya. Boma linakhazikitsa ntchito yobereketsa ng'ombe popanda kukweretsa, likulu lake lili ku Mikolongwe m'boma la Chiradzulu, kumene umuna wa nkhunzi zosankhidwa umatengedwa, kuikidwa m'timapaipi ting'onoting'ono ndi kuumitsidwa mu nayitrojeni wamadzi pa madigiri 196 pansi pa ziro. Njirayi imalola nkhunzi imodzi kubereketsa ng'ombe zikwizikwi, pamene yokwera yokha imakwanitsa zazikazi 25 kapena 30 pa nyengo. Koma ili ndi zofuna zake zovuta kumudzi: ng'ombe yaikazi imafuna nkhunzi pafupifupi masiku 21 aliwonse, nyengoyo siikwana tsiku lathunthu, ndipo mlangizi akachedwa chifukwa cha mtunda, mafuta a njinga yamoto kapena kutha kwa nayitrojeni, mlimi amadikiranso masabata atatu, kuwonjezera pa miyezi isanu ndi inayi ya bere. Boma litachepetsa chithandizo cha ziweto m'zaka za m'ma 1990, madibi ambiri analeka kugwira ntchito, ndipo alimi ochuluka anabwerera kwa nkhunzi ya mnansi kapena ya gulu, imene amailipira ndi ndalama kapena chakudya cha ziweto. Nkhunzi yoyenda makola ambiri chonchi ikhoza kufalitsa matenda ochotsa bere monga brucellosis ngati siyezedwa, ndipo ikakhalitsa malo amodzi imayamba kukwera ana ake omwe.

Mbiri imeneyi ikuonetsa kuti nkhunzi yabwino siinakhalepo nkhani ya munthu mmodzi, pakuti m'nthawi ya M'mbelwa inkasungidwa ndi mudzi, pambuyo pake ndi boma, ndipo nthawi iliyonse imene udindowu unalekereredwa, mtundu wa ng'ombe unkatsika. Alimi a kumwera kwa Mzimba, mafumu awo ndi alangizi a ziweto ayenera kugwirizana kuti thole lamphongo labwino koposa lisathenedwe kapena kugulitsidwa, kuti nkhunzi za magulu ziziyezedwa matenda ndi kusinthanitsidwa pakati pa midzi ana ake asanafike msinkhu wokweredwa, ndiponso kuti Malawi Zebu yeniyeni isungidwe, chifukwa ng'ombe zosakaniza zonse zimene alimi a mkaka amadalira zimatenga kupirira kwawo kuchokera kwa iyo.