Mwera ndi Matanga

Ife a ku Mtakataka timadziwa kuti Julayi ndi mwezi wa mwera. Mphepo imeneyi ikautsa mafunde, msodzi wanzeru amakokera bwato lake kumtunda. Koma mwezi womwewu ndi umene anausankha anthu amene anayambitsa mpikisano wa ngalawa za matanga pa nyanja ya Malawi m'zaka za m'ma 1980. Ankapikisana pa makatamarani, omwe ndi timabwato tiwiri tolumikizidwa pamodzi, toyenda ndi mphepo yokha. Ulendo wa makilomita oposa 500 unkayambira ku Mangochi, kudzera ku Cape Maclear, n'kuwoloka pakamwa pa chigawo chathu cha nyanjayi kulowera ku Senga Bay, Nkhotakota mpaka kumpoto. Mwera ndiwo unkawakankha kumbuyo.

Komatu mwera suseka ndi munthu. Pa 30 Julayi 1946 sitima ya Vipya inamira pa namondwe kumpoto kwa nyanjayi, ndipo anthu 145 anafa. N'chifukwa chake wokonza mpikisano wotere sayenera kudalira mapu okha. Amve kwa amalinyero amene ananyowa ndi mafundewo, amvenso kwa asodzi, amene amauzindikira mwera usanafike.