Wophika, wotunga madzi ndi msilikali wopanda nsapato

Mu 776 Khristu asanabadwe, mwamuna wina wa mumzinda wa Elis dzina lake Koroibos analiyatsa liwiro pabwalo la ku Olympia, m'dziko la Greece, n'kusiya anzake onse m'mbuyo pamtunda wa mamita pafupifupi 192.  Olemba akale amati ntchito yake inali yophika, ndipo dzina lake ndi limene limayambirira pamndandanda wa anthu amene anapambanapo pa masewera a Olimpiki. Chaka chimenecho mpikisano unali umodzi wokhawo. Enawo anabwera pang'onopang'ono: wopita n'kubwerako mu 724, wa mtunda wautali mu 720, kenako mu 708 mpikisano wa mbali zisanu, wophatikiza kuthamanga, kudumpha, kuponya chimbale, kuponya nthungo ndi kulimbana. Odumpha ankagwira miyala kapena zitsulo m'manja kuti ziwakankhire kutsogolo. Wotchi kunalibe. Agiriki ankangofuna kudziwa amene wafika poyamba, basi.

Masewera amene lero amatchedwa athletics anakula kuchokera pa zinthu zitatu zomwezo, kuthamanga, kudumpha ndi kuponya. Bwalo lake n'lozungulira mamita 400, ndipo odumpha ndi oponya amakhala pakati ndi m'mbali mwake. Koma funso limene lavuta kwambiri m'mbiri ya masewerawa ndi lakuti ndani ali woyenera kulowa m'bwalomo.

Ku England, m'zaka za m'ma 1600 ndi 1700, mabwana olemera ankakhala ndi anyamata a ntchito othamanga patsogolo pa ngolo za akavalo, okakonza malo ogona ndi kupereka mauthenga. Mabwanawo akakumana ankayamba kutamanda antchito awo, ndipo mkangano unkathera pa kubetcha: wako ndi wanga apikisane, tione. Kuyenda ndi kuthamanga mobetcherana kunafika pokoka makamu. Mu 1809, Robert Barclay wa ku Scotland anayenda mailo imodzi pa ola lililonse kwa maola 1,000 otsatizana ku Newmarket, usana ndi usiku, pafupifupi milungu isanu ndi umodzi, anthu akubetcherana ndalama zankhaninkhani kuti akwanitsa kapena agwa.

Ana a mabanja apamwamba a ku Oxford ndi Cambridge atayamba kukonda masewerawa, sanafune kupuma mpweya umodzi ndi anthu a ganyu. Kalabu ya Amateur Athletic Club, yomwe inayamba mu 1866, inaika lamulo loletsa amakanika, amisiri ndi ogwira ntchito zamanja kupikisana nawo. Bungwe la Amateur Athletic Association litakhazikitsidwa mu 1880 linachotsa mawu amenewo, koma linasiya lamulo lina lomwe linkagwira ntchito yomweyo mwakachetechete: wothamanga asalandire ndalama. Kwa mwana wa bwana limeneli silinali vuto. Kwa munthu amene akajomba kuntchito tsiku limodzi ana ake agona ndi njala, linali chitseko chotseka.

Komabe amphawi sanasiye kutulukira. Olimpiki atayambiranso ku Athens mu 1896, mpikisano wa marathoni, wa makilomita pafupifupi 40, anapambana ndi Spyridon Louis wa m'mudzi wa Marousi, amene ankathandiza bambo ake kutunga madzi okagulitsa mumzinda. Anamaliza m'maola 2, mphindi 58 ndi masekondi 50. Mu 1904, ku St Louis, anthu akuda oyamba ochokera ku Africa analowa nawo marathoni ya Olimpiki mwangozi chabe. Len Taunyane ndi Jan Mashiani a ku South Africa anapita kumeneko ngati antchito pa chionetsero cha nkhondo ya Mabunu. Taunyane anamaliza pa nambala 9, Mashiani pa nambala 12, pamsewu wafumbi umene unagwetsa oposa theka la amene anayamba nawo.

Ku London mu 1908 kunachitika zoti anthu sanaziiwale. Njira ya marathoni ya Olimpiki inayambira ku Windsor Castle n'kukathera m'bwalo la White City, ndipo kutalika kwake kunali makilomita 42 ndi mamita 195, muyezo umene unakhazikitsidwa mu 1921 kuti ukhale wa marathoni iliyonse. Woyamba kulowa m'bwalo anali Dorando Pietri, kamunthu kochepa thupi ka ku Carpi ku Italy, komwe kankagwira ntchito m'sitolo ya maswiti. Analowa ali dzandidzandi, nakhotera mbali yolakwika. Atam'bweza anagwa, nadzuka, nagwanso, mpaka akuluakulu a mpikisano anam'gwira mkono n'kumuwolotsa pamzere. Chifundo chimenecho n'chimene chinam'dyera mendulo. Golide anapatsidwa Johnny Hayes wa ku America, ndipo Pietri anangotonthozedwa ndi chikho chimene Mfumukazi Alexandra inam'patsa. Pasanathe chaka, awiriwa anali akuthamangitsana ku New York pamaso pa anthu olipira pakhomo, ndiye kuti onse anali atatuluka m'khola la osalandira ndalama.

Amene lamuloli linam'pweteka zenizeni ndi Jim Thorpe, mmwenye wa ku America. Ku Stockholm mu 1912, chaka chomwe bungwe loyendetsa masewerawa padziko lonse linabadwa mumzinda womwewo (lero ndi World Athletics), Thorpe anapambana mpikisano wa mbali zisanu komanso wa mbali khumi. Chaka chotsatira zinamveka kuti anasewerapo baseball n'kumalandira timadola tochepa, ndipo mamendulo onse awiri anam'landa. Anamwalira mu 1953. Chigamulo chom'bwezera ulemu wake chinadza mu 1982, mwini wake atagona m'manda zaka pafupifupi 30. Jesse Owens nayenso, atatenga mamendulo anayi a golide ku Berlin mu 1936, anaimitsidwa ndi akuluakulu a masewera a kwawo, ndipo pofuna kupeza ya ndiwo anafika pomapikisana ndi akavalo.

Amayi anatsekeredwa kunja nthawi yaitali kuposa apa. Analoledwa koyamba kupikisana pa masewerawa pa Olimpiki ku Amsterdam mu 1928, koma manyuzipepala atakokomeza za kutopa kwa othamanga mamita 800, mpikisanowo unachotsedwa mpaka 1960. Marathoni ya amayi inadikira mpaka 1984.

Usiku wa pa 10 Sepitembala 1960, pa marathoni ya Olimpiki ku Rome, asilikali ataima m'mbali mwa msewu wakale wa Via Appia ndi miuni m'manja, kunatulukira munthu wowonda wovala nambala 11, kuphazi kulibe kanthu. Anali Abebe Bikila, msilikali wolondera mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia. Nsapato zimene anapeza ku Rome sizinamukhale bwino, choncho anaganiza zongothamanga monga ankachitira kwawo. Anafika pa Arch of Constantine m'maola 2, mphindi 15 ndi masekondi 16, nakhala munthu wakuda woyamba wa ku Africa kutenga golide pa Olimpiki, ndiponso mu likulu la dziko limene linalanda Ethiopia zaka 24 m'mbuyomo. Ku Tokyo mu 1964 anabwereza, ulendo uno atavala nsapato, patangopita milungu yosakwana isanu ndi umodzi chichitireni opaleshoni ya pamimba. Atamaliza anayamba kudziwongola pakapinga ngati munthu amene akuyembekeza kuyamba kumene.

Kuchokera pamenepo chitseko sichinatsekekenso. Kipchoge Keino, wapolisi wa ku Kenya, anatenga golide wa mamita 1,500 ku Mexico City mu 1968. Samuel Matete wa ku Chingola, Zambia, anakhala katswiri wa dziko lonse pa mamita 400 odumpha zotchinga ku Tokyo mu 1991. Maria Mutola, mtsikana wa ku Chamanculo mu Maputo amene ankamenya mpira ndi anyamata mpaka mlakatuli José Craveirinha atamuona n'kumukokera ku liwiro, anapambana mamita 800 ku Sydney mu 2000, mpikisano womwe uja ankati amayi sangauthe. Malawi inayamba kupita ku Olimpiki mu 1972, ndipo mu 2004 Catherine Chikwakwa anabwera ndi siliva wa mamita 5,000 kuchokera ku mpikisano wa achinyamata wa dziko lonse ku Grosseto, Italy.

Lamulo la ndalama lija linayamba kumasuka mu 1982. Pofika Olimpiki ya ku Paris mu 2024, World Athletics yeniyeniyo, mdzukulu wa mabungwe amene ankalanda anthu mamendulo, inapereka madola 50,000 pa golide wa mpikisano uliwonse.

Ku Mulanje kuli mpikisano umene unayambira kwa anthu a ntchito enieni, anyamata onyamulira alendo katundu ndi owalondolera njira m'phiri, n'chifukwa chake umatchedwa Porters Race. Pano aliyense amaloledwa, amayi ndi alendo omwe. Othamanga amanyamukira ku Likhubula, n'kukwera chitunda cha ku Chambe, kudutsa pamwamba pa phiri kulowera ku Lichenya, kenako kutsetsereka m'miyala kubwerera kumene anayambira, makilomita oposa 20. Mlendo wonyamula chikwama njira imeneyi imam'tengera tsiku lathunthu kapena awiri. Otsogola amafika pansi pasanathe maola atatu, ena mwa iwo kuphazi kulibe nsapato.