Madzi a Luangwa Alibe Geti

Luangwa ikadzaza n'kumiza minda ku Mfuwe, ife a ku Mambwe timayesa ndi nkhani yathu tokha. Koma madziwo amapitirira. Amakathira mu Zambezi ku Feira, kumunsi kwa damu la Kariba, popanda khoma lowaletsa panjira, ndipo amakaunjikana m'damu la Cahora Bassa ku Tete.

Kariba inaphunzira msanga. Chigumula cha 1958 chinapeza khoma likali kumangidwa, ndipo mainjiniya anawonjezera mageti otulutsira madzi kuchoka pa anayi kufika pa asanu ndi limodzi. Cahora Bassa, yomalizidwa mu 1974, ili ndi mageti asanu ndi atatu, otha kutulutsa makyubiki mita pafupifupi 14,000 pa sekondi. Zimamveka zambiri, koma mu March 1978 Kariba inali kutulutsa madzi, Luangwa nayo itadzaza. Cahora Bassa inasowa pogwira, inatsegula mageti onse. Kumunsi kwake anthu osachepera 45 anafa, ndipo oposa 200,000 anathawa m'nyumba zawo.

Mu 2019 boma linaimitsa zomanga damu pa Luangwa ku Ndevu Gorge. Ambiri tinakondwa, poganizira nyama ndi minda yathu. Za anzathu a ku Mutarara, kumene madzi athu amakafika, sitinazikambeko.