Chuma chobisika pa Magomero

Achinyamata anzathu mwa Khristu, Loweruka likudzali tidzakhala ndi masewera ofunafuna chuma chobisika pabwalo la tchalitchi kuno kwa Nchema. Gulu lililonse lidzalandira timapepala ta mafunso, ndipo yankho lililonse lidzalozera pomwe pali kapepala kotsatira. Mafunsowo tawatenga pa nkhondo ya m'chaka cha 1861, yomwe mutu wake unali pa Magomero, m'boma lathu lino la Chiradzulu. Tisanayambe kuthamanga, tiyeni tiimve nkhaniyo.

M'zaka zimenezo Ayao ankalowa m'dziko la Amang'anja kuchokera kum'mawa, nawonso akuthawa njala ndi nkhondo kwawo. Malonda a akapolo anali atakula. Pa 16 Julaye 1861, David Livingstone ndi anzake anamasula akapolo 84 pamudzi wa Mbame. Pa ulendowo anali ndi Bishopu Charles Mackenzie wa mpingo wa Anglican, mtsogoleri wa mishoni ya UMCA, yemwe anayenda ndi ndodo ya ubusa pamodzi ndi mfuti. Mfumu Chigunda inawapatsa malo pa Magomero, ndipo omasulidwa aja anakhala mbewu yoyamba ya mishoniyo.

Posakhalitsa mafumu a Amang'anja anadzapempha thandizo. Bishopu anavomera, koma anawalonjezetsa kuti adzaleka kugulitsa anthu ndi kumasula onse ogwidwa pa nkhondo. Mu Ogasiti 1861 iye ndi amishoni anzake anatsogolera khamu la Amang'anja kukathira nkhondo msasa wa Ayao chakufupi ndi phiri la Zomba. Anapambana, nyumba zinatenthedwa, koma ambiri mwa amene anabwera nawo ku Magomero anali amayi ndi ana. Pambuyo pake amishoni anazindikira chinthu chowawa: Ayao ambiri anali othawa ofuna pokhala, ndipo pakati pa Amang'anja analiponso ogulitsa anzawo. Anali ataweruza mlandu atamva mbali imodzi.

Mackenzie anamwalira ndi malungo pa 31 Januwale 1862 pomwe mtsinje wa Ruo umathira mu Shire. Chaka chomwecho mishoni inachoka pa Magomero n'kutsikira kwa Chibisa, ndipo mu 1864 inasamukira ku Zanzibar. Ansembe a Katolika a chipani cha Montfort anafika ku Nzama mu 1901, patapita zaka 40 chichitikireni nkhondoyo.

N'chifukwa chake pokonza masewerawa tinakana maganizo oti gulu lina likhale Ayao, lina Amang'anja. Zidzukulu za mbali zonse ziwiri timatunga madzi pa mjigo umodzi, pamodzi ndi Alomwe amene anadza pambuyo pake. Ena ndi abale athu Achisilamu, ndipo tawaitana. Imfa za makolo si zosewera nazo.

Sitimunyoza Mackenzie. Anaona anthu m'magoli, mtima wake sunalole kungoyang'ana, ndipo anafera m'dziko lino. Koma changu chopanda kumvetsa chinamugwiritsa mfuti. Ifenso timafulumira kusankha mbali, kusukulu, kumphakati, ngakhale pa nthawi ya chisankho.

Pa Mateyo 13:44 Ambuye akufanizira Ufumu wa Kumwamba ndi chuma chobisika m'munda. Bokosi lomaliza lidzakhala ndi masiwiti, inde, komanso kapepala kolembedwa nambala 84. Gulu lopambana lidzatitsogolera kupempherera anthu 84 aja, ndi onse amene anagwa mu Ogasiti 1861, mbali zonse ziwiri. Bwerani ndi cholembera, ndipo musaiwale kuitana mnansi wanu.